Chitini Chachinayi

Pepala lija linakhala m'thumba la malaya a Benedicto masiku asanu ndi anayi. Analipinda kanayi. M'mphepete linali litayamba kuda ndi thukuta. Kulitsegula sikunkafunikanso, nambala yake anali ataisunga pamtima: 7.4. Adokotala anamuuza kuti mafuta a m'magazi, amene iwo amati kolesitolo, asamapitirire 5. Anamupatsa miyezi itatu yoti asinthe kadyedwe ndi kuyamba kuyenda pansi. Zikakanika, mapilitsi. Akanyozera zonse ziwiri, mtima udzamuuza wokha.

Tsiku limenelo linali Lachinayi. Nthawi ikuyandikira 12 koloko, anaima pakhomo la khitchini ku Area 9 kudikira chakudya cha abwana ake. Benedicto anali dalaivala wa a Dinesh, eni sitolo ya zitsulo ndi penti ku Old Town, kutsidya kwa mlatho. Ntchitoyi anali ataigwira zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Masana aliwonse ankabwera kudzatenga zitini zinayi zosanjikizana, zomangidwa ndi kachitsulo kogwirira, n'kuthamangira nazo kusitolo zisanazizire.

Zitini zitatu ankakonza ndi a Meena, akazi awo a Dinesh. Chachinayi chinali cha Ba.

Ba anali mayi awo a Dinesh, azaka 81. Nyumba yonse inkawatchula choncho, antchito omwe. Anatuluka okha ndi chitini chawo, akuyenda pang'onopang'ono. Anachisanjika pamwamba pa zinzake n'kukanikiza chivindikiro ndi chala chachikulu.

"Adye zonse," anatero. "Wawonda mwana wanga."

"Chabwino, Ba."

Anayankha monga ankayankhira masiku onse. Fungo linali likutulukira kale m'mbali mwa chivindikiro. Gii. Batala wosungunula uja amene Ba ankaphikira chilichonse.

Nkhani ya chitini chachinayi inayamba mu Januwale. A Dinesh anakayezetsa magazi pachipatala china ku City Centre, ndipo nambala yawo ya mafuta a m'magazi inatuluka yokwera. Bambo awo anamwalira ndi mtima ali ndi zaka 58. Iwo anali ndi 54. A Meena sanachedwe. Sabata yomweyo mtsuko wa gii unachoka pashelefu. Samusa zinaleka. Chapati chinayamba kubwera chouma, chopanda chodzoza. M'zitini munalowa nyemba, nandolo, masamba owiritsa, timtedza tochepa.

Ba sanakangane ndi munthu. Anangotenga mtsuko uja n'kukausunga kuchipinda kwawo. Kwa iwo gii anali mphamvu. Anakulira pa gii, analera ana anayi ndi gii, ndipo panalibe mtsikana wovala jasi yoyera amene akanawauza kuti zaka zonsezo ankalakwitsa. M'mawa uliwonse ankadikira mpongozi wawo amalize, kenako ankalowa m'khitchini n'kuyatsa moto wawo.

A Dinesh anali munthu woti akhoza kubweza lole yonse ya simenti chifukwa cha thumba limodzi lonyowa. Koma kuuza mayi awo kuti sadya, zimenezo sakanatha. Kutaya nako kunali kosatheka. M'nyumba imeneyo chakudya sichinkatayidwa. Kachidutswa ka chapati kakagwa pansi, munthu ankakatola n'kukagunditsa pamphumi popepesa. Ndiye tsiku loyamba lenilenilo, m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo, a Dinesh anatsegula chitini chachinayi. Ananunkhiza. Anatsinzina. Kenako anachikankhira kwa Benedicto.

"Ndithandizeni, a Bene."

Benedicto anathandiza. Kwawo ku Mitundu, wamkulu akakupatsa chakudya umalandira ndi manja awiri. Sufunsa, sukana. Ndipo zinali zokoma, tisanamizane. Samusa za mbatata, chapati chonyezimira, timipira totsekemera ta ufa wa tchana tosungunuka pakamwa. Chitini chinkabwerera ku Area 9 chili mbee. Ba ankachiona n'kumwetulira. A Meena ankadziwa zonse koma ankayang'ana kumbali. Aliyense m'nyumbamo anapeza mtendere.

Panalinso za kuyenda. Adokotala anauza a Dinesh kuti aziyenda pansi mphindi makumi anayi patsiku, ndiye anaganiza zoti m'mawa azipita kusitolo wapansi. Koma mwini sitolo kuoneka akupuntha fumbi yekhayekha, Old Town yonse ikanati bizinesi yagwa. Motero galimoto inkatsatira. A Dinesh patsogolo, atavala nsapato zothamangira zatsopano. Benedicto pambuyo, giya yoyamba, nyali zikuphethira. Minibasi zinkaliza hutala. Akabaza ankaseka. Mmodzi wa iwo, wa pamlatho, ankafuula tsiku lililonse kuti ngati petulo watha abwana angokwera njinga yake. A Dinesh ankangokweza dzanja.

Miyezi isanu ndi umodzi inatha choncho. Lamba wa a Dinesh anaboola mabowo awiri atsopano chamkati. Wa Benedicto anafika pabowo lomaliza chakunja. Madalaivala anzake ankamusisita pamimba n'kumati ntchito ikumuyanja, wayamba kuoneka ngati bwana. Iye ankaseka nawo. Zinkamukomera ndithu.

Mu Julaye anabwerera kuchipatala kuja. Nambala ya a Dinesh inali itatsika kufika pa 5.3. Anatuluka kwa adokotala akuseka ngati mwana amene wakhoza mayeso, ndipo m'chisangalalo chomwecho anauza nesi kuti ayezenso Benedicto, aone mmene magazi a munthu wathanzi amakhalira. Zinali zocheza. Benedicto anapinda mkono wa malaya akuseka.

Patapita ola, adokotala a Suhaila anamuitana yekha. Anamufunsa zimene amadya. Anatchula tiyi wa masipuni anayi a shuga, mandasi, tchipisi cha pachiwaya madzulo akamadikira kuti sitolo itsekedwe. Za chitini sanatchule. Anamufunsa ngati kubanja kwawo alipo amene anadwalapo mtima. Anatchula mkulu wake Lawford, amene anagwa m'galaja ina ku Area 4 sipanala ili m'manja, ali ndi zaka 52. Kumudzi ankati anachita kumulodza. Benedicto anavomereza zimenezo zaka zonsezi chifukwa zinali zosavuta kuvomereza. Iye tsopano anali ndi zaka 51.

Atatuluka, a Dinesh anamufunsa zotsatira. Anayankha kuti zonse zili bwino.

Mkazi wake, Alinesi, analipeza pepalalo tsiku lachiwiri pofuna kuchapa malaya. Alinesi ankagulitsa masamba ndi nyemba pamsika ku Chinsapo, kumene ankakhala. Kuseri kwa pepala adokotala anali atalemba zoyenera kudya: nyemba, nandolo, bonongwe, therere, mapeyala, nsomba yosakazinga, phala la mgaiwa. Anawerenga n'kuseka kuseka kopanda chimwemwe. Anati zonsezo zili pabenchi lake pamsika, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi wakhala akuziphika n'kumadya ndi mwana wawo Thoko awiriwiri, poti bambo wa panyumba amabwera atakhuta za ku Area 9.

"Kanani, bambo a Thoko."

"Chakudya cha bwana mumakana bwanji?"

"Ndi pakamwa pomwepo pamene mumadyera."

"Simukumvetsa. Amandipatsa ngati m'bale wawo."

"Ine ndinaona mmene akazi a achimwene anu anatsalira. Sindikuzifuna."

Anabwezera pepalalo m'thumba la malaya ena oyera, n'kuwapachika pamsomali.

Tchipisi anasiya. Shuga anachepetsa. Zimenezo zinali zake, sizinkafuna chilolezo cha munthu. Chitini ndicho chinavuta.

Anayesa njira. Tsiku lina anauza a Dinesh kuti akadyera panja, n'kukachipereka kwa a Felton, alonda a pakhomo la sitolo, bambo aimvi amene ankamwa kale mapilitsi a BP. A Felton analandira ndi manja awiri, anathokoza kawiri. Benedicto anaima n'kumawaonerera akudya, zala zikunyezimira. Manja awiri aja anawazindikira. Ndi mmene iyenso ankalandirira. Mawa lake sanawapatsenso.

Anayesa kutaya. Anapita nacho kuseri, pamgolo wa zinyalala, n'kuchotsa chivindikiro. Dzanja linakana. Munthu amene anaona njala ya 2002 ku Mitundu, anthu akukumba zitsa za nthochi kuti aphike, sangakhuthulire samusa m'zinyalala. Anaimirira pomwepo n'kudya zonse msangamsanga ngati wakuba, ntchentche zikumuzungulira. Masiku otsatira anangobwerera ku zakale. Kulandira, kudya, kupukuta pakamwa. Pepala lili m'thumba.

Ndiye Lachinayi lija anawoloka mlatho zitini zili pampando wa pambali pake. Pamsewu panali podzaza monga mwa masiku onse. Anaimika galimoto kuseri kwa sitolo n'kukwera masitepe asanu ndi limodzi opita m'kachipinda kaja. Atafika pamwamba anazimva kuti akupuma ndi pakamwa. Masitepe asanu ndi limodzi okha.

A Dinesh anasamba m'manja. Anamasula zitini, anayala zitatu patsogolo pawo, pakati pa makatoni a misomali ndi zigubu za penti. Chachinayi anachikankha osachiyang'ana n'komwe. Chinatsetsereka patebulo n'kukaima pafupi ndi Benedicto.

Benedicto sanachigwire. Manja anaika pamaondo.

"Lero ayi, bwana."

"M'mimba?"

"Ayi."

"Mwayamba kusala kudya? Pasaka anadutsa kalekale."

Anatulutsa pepala. Analitambasula, analisalaza ndi chikhatho, n'kuliika pafupi ndi chitini cha nyemba. A Dinesh anavala magalasi. Anawerenga nambala. Anawerenganso deti. Chapati chimene anali atanyema anachibwezera pamene anachitenga.

"Munati zili bwino."

"Ndinatero."

"Yanga poyamba paja inali 7.1."

"Ndikukumbuka, bwana."

M'sitolo wina ankakoka malata pansi, phokoso lake linkalowa m'mano. A Dinesh anafunsa chifukwa chake sananene msanga. Benedicto anati sankadziwa poyambira. Anati kunena kukanakhala ngati akudandaula ndi chakudya chimene amapatsidwa mwaulemu. Anawonjezera kuti si chitini chokha, tchipisi nacho chinalipo, ndi kukhala pampando tsiku lonse. A Dinesh anamudula, anati asawaikire kumbuyo. Anavula magalasi n'kudzipukuta kumaso ndi manja onse awiri.

"Ndiye kuti ine ndachira ndi thupi lanu."

Benedicto anasalazanso pepala lija. Kuvomera kukanakhala mwano. Kukana kukanakhala bodza lachiwiri.

Chitini chinali pomwepo, pakati pawo, chotseka. A Dinesh anachiyang'ana nthawi yaitali. Anatchula a Felton. Benedicto anati anayesa kale, ndipo a Felton ali ndi BP. Anatchula onyamula katundu. Benedicto anati akhoza kuwapatsa, koma amenewonso ali ndi mitima yawo. A Dinesh anaseka pang'ono, kuseka kwa munthu amene wagwidwa.

"Ndiye chibwerere chodzaza."

"Chibwerere, bwana."

"Mukawauze Ba kuti lero m'mimba mwandivuta."

"Mawa adzaikamo zambiri, kuti mubwezeretse mphamvu."

"Chabwino. Mukawauze zoona zake. Inu amakumverani."

"Ndi mayi anu, bwana."

Mawuwo anatuluka mwakachetechete. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali asanabwezepo ntchito imene watumidwa. Mtima unkagunda mwamphamvu pansi pa thumba lopanda kanthu lija, ndipo anaumvetsera ngati mmene amamvetserera injini ikayamba kulira mwachilendo.

A Dinesh sanakwiye. Sanavomerenso. Anatenga chivindikiro chimodzi, anathirapo theka la nyemba ndi masamba, anaikapo chapati chouma, n'kumukankhira. Anadya onse awiri. Nyembazo zinali zopanda mchere wokwanira. Benedicto anaganiza kuti Alinesi amaphika bwino kuposa pamenepa, ndipo anachita manyazi kuti miyezi yonseyi sanamuuzepo.

Sitolo itatsekedwa 5 koloko, a Dinesh sanakhale kumbuyo. Anakhala kutsogolo, zitini zili pamiyendo. Ku Area 9 anatsika nazo okha n'kulowera khomo la kukhitchini, limene sankalowerapo. Benedicto anatsala pagalimoto. Kunkazizira, kuzizira kwa Julaye kolowa m'makutu. Anatenga kansalu n'kuyamba kupukuta galasi loyera kale.

Mkatimo ankalankhula chinenero chawo. Sankamva mawu, ankangomva kukwera ndi kutsika kwake. A Dinesh analankhula nthawi yaitali. Ba anakweza mawu kamodzi. A Meena anaponyapo pang'ono n'kusiya. Kenako zii.

Chitseko chinatseguka. Ba anatuluka atafunda shawelo, anabwera mpaka pagalimoto. M'nyumba yonseyo ndi iwo okha amene ankamuti iwe.

"Iwe Benedicto."

"Ba."

"Miyezi yonseyi, wadya ndiwe?"

"Ndine, Ba."

"Zonse?"

"Zonse."

"Zinali zokoma?"

"Kwambiri, Ba."

Anamuyang'ana pamimba, kenako kumaso. Anati ankadabwa ndithu: mwana wawo akudya koma akuwonda, dalaivala sakudya koma akunenepa. Benedicto anafuna kuseka koma anaona kuti Ba sakuseka. Anali akuyang'ana kugeti. Ananena kuti amuna awo anadya chakudya chawo zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo sanasiyepo kanthu m'mbale ngakhale tsiku limodzi. Sankauza iye. Sankauza aliyense. Anakonza shawelo paphewa n'kubwerera m'nyumba pang'onopang'ono.

Benedicto anaima ndi kansalu m'manja. Anamvetsa funso limene mayi wokalambayo analowa nalo m'nyumba, loti kodi chakudya chawocho ndicho chinatenga amuna awo, ndipo anadziwa kuti wawasenzetsa ndi iye. Zinamupweteka. Koma atadzifunsa ngati akanakonda kuti akanangodya monga kale, anapeza kuti ayi.

Lachisanu zitini zinali zitatu. Ba sanatuluke. A Meena anamupatsa zitinizo n'kumuuza kuti kuyambira tsiku limenelo aziika zokwanira anthu awiri, ndipo anapepesa osamuyang'ana kumaso. Loweruka chimodzimodzi, zitatu. Kusitolo a Dinesh ankalankhula za penti ndi misomali basi. Kunyumba Alinesi anaphika nandolo ndi bonongwe wotendera. Sanafunse zambiri. Anangoona kuti mbale yabwerera yopanda kanthu.

Loweruka madzulo a Dinesh anati galimoto izigona kuseri kwa sitolo, alonda alipo. Anati Old Town ikafuna kunena kuti bizinesi yagwa, inene.

Lolemba m'mawa Benedicto anatsika minibasi pamphambano n'kukawapeza a Dinesh akudikira pageti ku Area 9. Ananyamuka wapansi onse awiri. A Dinesh ankaponda mwamsanga, anali atazolowera. Benedicto anavala nsapato zake zakuda za kuntchito, ndipo asanafike n'komwe ku Area 3 zinayamba kumuluma. Njira imeneyi anali ataiyenda kambirimbiri pagalimoto. Sankadziwa kuti ili ndi zitunda. Sankadziwa kuti m'mbali mwa msewu muli maenje otere, kapena kuti pali mayi wina amene amagulitsa mapeyala pansi pa mtengo pafupi ndi pokhota.

Pamlatho wakabaza uja anawaona. Anayang'ana kumbuyo kwawo, kufunafuna galimoto.

"Abwana, mwagulitsa? Nanga adalaivala mwawasunga a chiyani?"

A Dinesh anakweza dzanja monga mwa masiku onse. Benedicto anali ndi yankho labwino koma analibe mpweya woliperekera. Anagwira chitsulo cha mlatho n'kuima. Pansi mtsinje unali utaphwa, amayi akuchapa pamiyala, anthu akuwoloka pa timilatho tamatabwa kupita kumsika. A Dinesh anabwerera masitepe angapo n'kuima pambali pake. Anati masabata awiri oyamba amakhala choncho, kenako miyendo imavomera. Anatinso nsapato zimenezo azisiye. Anadikira mpaka Benedicto atasiya chitsulo yekha.

Masana anapita ndi galimoto ku Area 9. A Meena anamupatsa zitini zitatu. Akutembenuka kuti azipita, anamva kukhwekhwereza kwa masilipasi. Ba anatuluka ndi chachinayi. Anachisanjika pamwamba, anakanikiza chivindikiro ndi chala chachikulu. Nkhope yawo inali yotupa pang'ono m'munsi mwa maso. Sanati adye zonse. Anangoimika zala ziwiri.

"Awiri," anatero.

Chinali chopepuka. Fungo silinkatuluka.

M'kachipinda ka kuseri a Dinesh anachitsegula okha. Munali papaya woduladula ndi mtedza wokazinga wopanda mafuta. Pakona, pa kapepala, panali kampira kamodzi kotsekemera kaja, kakang'ono ngati dzira la nkhunda. Kanali kodulidwa pakati ndi mpeni.

Anakayang'ana onse awiri. A Dinesh anati adokotala sananene kuti mpaka kalekale, ananena kuti pang'ono, mwa apo ndi apo. Benedicto anati nayenso anamuuza choncho. Aliyense anatenga theka lake. Benedicto analiika palilime n'kulisiya lisungunuke lokha. Linatha msanga.

Anatsuka zitini pampope wa kuseri. Mapazi ankawawa, chidendene chakumanja chinali chitatuluka thuza. Anagwira thumba la malaya. Pepala linalimo, nambala yake yomwe ija. Pansi pake adokotala analembapo tsiku lobwerera, 14 Okutobala. Anawerenga masabata ndi zala zonyowa, kenako anapita kukafunsa a Felton kumene angapeze nsapato zofewa pamsika wa kaunjika.